Njira Zachidule za M'zala

Mayi anga ankathyola tiyi maso ali kwina. Ndikakumbukira ubwana wanga ku Thyolo, nkhungu ya chiperoni ndi mapiri zimabwera pambuyo. Choyamba kubwera ndi manja awiri akuyenda pamwamba pa mitengo ya tiyi yodulidwa mofanana ngati tebulo, chala chachikulu ndi chamkombaphala zikutsina masamba awiri ndi kansonga kake, thyo, thyo, dzanja likadzaza n'kuponyera m'dengu kumsana osacheuka. Pakamwa pali nkhani ya maliro a ku Bvumbwe kapena kukwera kwa sopo, maso ali pa kapitawo amene akutulukira chakumtunda, koma zala osaphonya. Tsiku lina ndili sitandade 5 ndinawafunsa kuti, "Amayi, mumadziwa bwanji tsamba loti muthyole?" Anaima kuti andionetse, ndipo apo ndi pamene zinavuta. Anayang'anitsitsa nsonga ija, kugwira, kusiya, kugwiranso, mapeto ake n'kuthyola masamba atatu pamodzi ndi kamtengo kokhwima kamene kalaliki wa pasikelo akanakataya. Anaseka. "Choka apa iwe, ukundisokoneza. Zimadziwa ndi zalazi, ine ayi."

Ine tiyi sindinathyole. Sukulu inandilowetsa mu ofesi ya esiteti ina, kumene ndakhala ndikulemba mayina, manambala a matikiti, makilo a masamba ndi makalata kuyambira m'ma 1990. Koma mawu a mayi aja anandilondola mpaka pa desiki. Wina atandifunsa lero kuti S ali mzere uti pa kiyibodi, ndiyamba ndaganiza kaye. Koma babu likangophethira, kusonyeza kuti magetsi atsala pang'ono kuthima, kachala kanga kakang'ono ka kumanzere kamakhala katatsikira kale pa Ctrl, chinzake chitagunda S, ntchito yasungidwa mutu usanamve n'komwe kuti kwachitika chiyani. Izi ndi zimene timati njira zachidule: kudina mabatani awiri kapena atatu pamodzi m'malo mogwira mausi n'kumakasakasaka lamulo m'ndandanda wa pamwamba pa sikirini. Kalaliki amene amalemba mayina mazanamazana sabata ya malipiro amakudziwa kusiyana kwake. Amakumva paphewa, amakuonanso pa nthawi yowerukira.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali bambo wachikulire amene tonse tinkangoti madala. Anayambira pa makina otayipira aja olira belu ukafika kumapeto kwa mzere, ndipo kompyuta itabwera sanaiope ngati anzawo. Pulogalamu yolembera inali WordPerfect 5.1, sikirini ya buluu yopanda kanthu kalikonse kokuuza chochita. Malamulo onse anali pa mabatani a mzere wapamwamba, F1 mpaka F12, ndipo batani lililonse linkasenza ntchito zingapo: ukalidina lokha, ukaliphatikiza ndi Shift, ndi Alt, kapena ndi Ctrl. Pofuna kuthandiza anthu, opanga ankapereka kapepala kolimba koyala pamwamba pa mabataniwo, kolembedwa mitundu inayi, chakuda, chobiriwira, chabuluu ndi chofiira. F10 kusunga. Shift ndi F7 kusindikiza. F7 yekha kutuluka. F6 kunenepetsa zilembo, F8 kujambula mzere kunsi kwa mawu. Panalibe chifukwa chilichonse chimene munthu akanachigwira kuti F10 akhale wosunga osati F9. Kunali kungoloweza basi, ngati mayina a mitsinje kusukulu. Kapepala ka madala kanali katafufutika ndi thukuta ndi madontho a tiyi wa 10 koloko moti sikankawerengekanso, koma iwo analibe nako ntchito. Ankalemba kalata yonse akucheza ndi wolondera pawindo.

Kenako tinabwera Lolemba lina n'kupeza makompyuta ena, a Windows, ali ndi Word. Amene anaganiza zosinthazo sanatifunse, ndipo sindikuwaimba mlandu, dziko lonse linkalowera komweko. Koma ndinaona chimene kusintha kumachita kwa munthu amene nzeru zake zatsikira kale m'zala. Madala akamaliza kalata ankagunda F7 kuti atuluke, kompyuta n'kuyamba kuwafunsa za kalembedwe ka mawu, poti mu Word batani limenelo ndi loona ngati mawu alembedwa molondola m'Chingerezi. Inkaima pa Masambanjati, kuima pa Naming'omba, kuima pa Thekerani, dzina lililonse la kwathu n'kuliyesa cholakwa. Akafufuta mzere mwangozi ankathamangira F1, amene mu WordPerfect ankabweza zofufutidwa, koma tsopano ankatsekula tsamba la chithandizo. "Ndapempha chithandizo kwa ndani ine?" ankatero, akukankha mpando. Munthu amene anali liwiro la ofesi yonse anasanduka wophunzira, wochedwa kuposa ife anyamata amene tinalibe choiwala. Sipanathe zaka ziwiri, anapuma ntchito.

Ife tinalandira dongosolo latsopanolo ngati lanzeru kuposa lakale, chifukwa ankati lili ndi tanthauzo. S akuimira Save, P akuimira Print, O akuimira Open, B akuimira Bold. Ndi zoona, koma tanthauzolo ndi la munthu amene amalota m'Chingerezi. Kwa mnyamata wochokera kusekondale ya masana ya kwa Bvumbwe, P alibe ubale uliwonse ndi kusindikiza, pokhapokha aganize za pulinta. Mwayi unangotigwera pa zilembo ziwiri: S amagwirizana ndi sunga, F ndi fufuza. Zinazo ndi kuloweza komwe kuja kwa madala, kungoti kwavala jekete.

Ndipo malamulo anayi amene timagwiritsa ntchito koposa onse alibe tanthauzo lokwanira ngakhale m'Chingerezi momwemo. Z kubweza, X kudula, C kukopera, V kumata. C yekha ndiye chilembo choyamba cha liwu lake. Zinayizi zinachokera kwa Larry Tesler ndi anzake. Tesler anagwira ntchito ku Xerox PARC ku California m'ma 1970, kumene iye ndi Tim Mott anapanga pulogalamu yolembera yotchedwa Gypsy, kenako mu 1980 anapita ku Apple. Makompyuta a Lisa a 1983 ndi Macintosh a 1984 ndi amene anafalitsa zilembo zinayizi, ndipo Windows inadzazitengera pambuyo pake. Yang'anani pamene zili: zandandalikana pa mzere wapansi, kumanzere, moyandikana ngati ana a mimba imodzi, pamene dzanja lamanzere limafikira lisanasunthe, lamanja lili pa mausi. X amaoneka ngati sizasi yotsekula. V ena amati ndi kansonga kolozera pansi pamene mawu akalowe. Ine pophunzitsa achinyamata ndimawauza kuti V ndi masamba awiri a tiyi, ukathyola umaponya m'dengu, ndipo saiwala. Tesler anamwalira mu February 2020, koma ndikukayika ngati pali kalaliki ku Thyolo kuno amene tsiku limamuthera asanadutse m'kanjira kamene iye analambula.

Ndikanakhala womvetsa, phunziro linali pomwepo. Koma cha m'ma 2005 ndinazindikira kuti Word imalola munthu kusintha ntchito ya batani lililonse, ndipo mtima wokonda chilankhulo changa unandikwera. Ndinati bwanji ana athu azivutika ndi zilembo za eni ake? Loweruka lina masana, ofesi ili zii, ndinakhala pansi ndi kope n'kuyamba kukonza kiyibodi ya Chichewa. Poyamba zinkayenda ngati madzi. Sunga, S. Fufuza, F. Dula, D. Kopera, K. Mata, M. Bweza, B. Ndinadziona ngati munthu amene dzina lake lidzatchulidwa pa wailesi.

Mavuto anayamba pa sindikiza. S anali atatengedwa kale ndi sunga, ndipo kumbuyo kwake kunali mzere wa ena odikira: sankha, sintha, siya, suntha. Ndinapatsa sindikiza chilembo N, poti ndi chachitatu m'liwulo, chifukwa chimene ine ndemwe ndinachiiwala pofika Lachiwiri. Kenako ndinafika pa tseka ndi tsekula. Apa ndinaika cholembera pansi. Mawu awiri otsutsana, wina wotsegulira ntchito wina woitsekera, koma zilembo zinayi zoyambirira n'zofanana. Chichewa sichisiyanitsa zotsutsana kumayambiriro ngati mmene Open ndi Close zimachitira. Chimasiyanitsa kumchira: tseka, tsekula; mata, matula; vala, vula; vundikira, vundukula. Ndipo ukati utchule mawuwo mokwanira, onse amayamba ndi ku. Njira yotenga chilembo choyamba inapangidwira chilankhulo china, ine ndimaikakamiza pa chathu ngati nsapato ya mwendo wina. Koma ndinali nditayamba kale, ndipo manyazi obwerera anandikulira. Tseka ndinampatsa T, tsekula U. Lamulo losankha zolembedwa zonse nthawi imodzi, limene aliyense amalidziwa pa Ctrl ndi A, ndinaliika pa Z. Zonse, Z. Zinkamveka bwino kwambiri.

Miyezi ingapo zinayenda, poti kompyutayo ndinkagwiritsa ntchito ndekha. Kenako mu Januwale, mvula ili pakati, tiyi akuphukira moti antchito a nyengo anali atachuluka, kunabwera mtsikana wochokera ku koleji ina ya ku Blantyre kudzaphunzira ntchito. Anali wodziwa kutayipa kuposa ine, maso pa pepala, zala zikungoyenda. Ndinamupatsa mndandanda wa antchito atsopano kuti alowetse, ine n'kupita kusikelo. Atalemba masamba angapo analakwitsa dzina limodzi, ndipo zala zake zinachita zimene zinaphunzitsidwa: Ctrl ndi Z. Kompyuta yanga yachichewa inamva kuti zonse, n'kusankha chikalata chonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Iye maso ali pa pepala anapitiriza kulemba, ndipo chilembo choyamba chimene anagunda chinalowa m'malo mwa masamba onse aja. Atadzutsa mutu anapeza sikirini yoyera, pali dzina limodzi lokha. Anagundanso Ctrl ndi Z, kawiri, kasanu, dzina lija n'kumangodetsedwa. Mantha atamugwira anatseka chikalatacho, kompyuta itafunsa ngati asunge iye anavomera.

Nditabwera ndinamupeza atagwira tsaya. Nditamufotokozera kuti kubweza ndinakusamutsira pa B, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako mwaulemu wake anati, "Bambo, ndiye mukanalemba pakhomo kuti muno malamulo ndi ena. Nanga ndikazolowera zanuzi, ndikapita ofesi ina ndikayambirenso?" Ndinalibe poyankha. Tinalemba mndandanda uja kachiwiri mpaka usiku, iye akutayipa ine ndikuwerenga mayina, mvula ikusokosera pa malata. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. M'mawa mwake ndinabwezeretsa mabatani onse mmene analili, kupatula limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti kulakwa kwanga kuja kunandionetsa chinthu chimene ndinkachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osachiona. Kamchira kaja ka -ula, kamene kanandisokoneza, kalipo pa kiyibodi. Ndi Shift. Tab amakupititsa kutsogolo, Shift ndi Tab amakubweza. M'mapulogalamu ambiri Ctrl ndi Z amabweza, ukawonjezapo Shift amabwezeretsa chimene unabwezacho. Mu Notepad, F3 amafufuza chakutsogolo, Shift ndi F3 chakumbuyo. Ctrl nayenso ali ndi khalidwe lake pa mabatani oyendera: amakulitsa phazi. Kamuvi kokha kamasuntha chilembo chimodzi, ndi Ctrl kamalumpha liwu lathunthu. Home amakufikitsa kumayambiriro kwa mzere, ndi Ctrl kumayambiriro kwa chikalata chonse. Backspace amafufuta chilembo, ndi Ctrl amafufuta liwu. Ukagwira Shift uku ukuyenda, paliponse pamene wadutsa pamasankhidwa. Tsono ukaphatikiza atatuwo, Ctrl, Shift ndi End, wasankha kuyambira pamene uli mpaka kumapeto, ngakhale palibe anakuphunzitsapo zimenezo. Umangozidziwa, monga mwana amene wamva phika, phikira, phikitsa safunika kumuuza tanthauzo la limira ndi limitsa. Apa ndi pamene opanga anachita bwino koposa, ndipo sanafunike chilembo cha chilankhulo chilichonse. Anapereka tizidutswa tochepa tosasintha khalidwe, tolumikizika. Ndikanafuna kiyibodi yoganiza Chichewa, ndikanayambira pamenepa, pa kamangidwe ka mneni, osati pa zilembo zoyamba.

Patapita zaka ndinapeza chitonthozo pang'ono kuti si ine ndekha amene ndinagwa m'dzenje limeneli. Msuweni wanga wa ku Milange, kungodutsa chipata cha Muloza, anabwera ndi laputopu yake kuti ndimulembere kalata. Ndinalemba ndime imodzi, zala n'kugunda Ctrl ndi S mwa chizolowezi, ndipo mawu otsatira anayamba kutuluka ali ndi mzere kunsi. Word ya Chipwitikizi imatenga S kukhala sublinhado, kujambula mzere, ndipo N ndi negrito, kunenepetsa zilembo. Anthu ophunzira, olipidwa bwino, anakhala pansi ngati ine Loweruka lija n'kuganiza kuti chilembo chizitsata chilankhulo. Kwa munthu wa ku Quelimane amene sadzagwirapo kompyuta ina, mwina zimamuthandiza. Koma ife a m'malire, amene Chilomwe chathu n'chimodzi, maliro timayendera limodzi, laputopu timabwerekana, malire aja atsamunda anatilowera mpaka m'zala. Ngakhale kampumuliro kam'mwamba kamene timalemba mu ng'ombe ndi m'mawa ndinakasaka pa kiyibodi imeneyo mpaka ndinakapeza pamwamba, pafupi ndi 0.

Aliyense wokulira pa esiteti amadziwa kuti pali misewu ya kampani ndi njira za anthu. Misewu inajambulidwa pa mapu, yotakata, yoti thirakitala idutse ndi masamba kupita kufakitale, ndipo imazungulira. Njira za anthu ndi tinjira topapatiza todula pakati pa minda, tochokera kumidzi kupita kusikelo, kuchigayo, kuchipatala cha Malamulo. Minda ina kuno ndi yakale kwambiri. Esiteti ya Satemwa anaiyamba Maclean Kay mu 1923, ndipo agogo athu ambiri anachoka ku Mozambique kudzagwa m'thangata pa minda ngati imeneyi. Tinjira tina n'takale chimodzimodzi. Mlendo sangatione, poti pamwamba tiyi amaoneka wogwirana ngati mphasa, koma mwana wa pompano amalowa pakati pa mitengo iwiri yosasiyana ndi inzake n'kutulukira kutsidya. Ndaonapo mabwana atsopano akutseka kanjira kotere ndi minga, ati anthu azidzera kumsewu. Pakatha mwezi mingayo imapezeka itakankhidwira pambali.

Pali kanjira kena kamene ndinkadutsa popita kusukulu, kamene pamalo ena kamakhota mopanda chifukwa, kuzungulira pabwalo popanda kanthu. Mayi anandiuza kuti panali mtengo waukulu wa bulugamu, umene unadulidwa kalekale kukasonkhera moto kufakitale. Mtengo unapita, chitsa chinaola, koma mapazi akukhotabe. Ndinakakumbukira kanjira kameneka mnyamata wina wokonza makompyuta wochokera ku Limbe atandionetsa pulogalamu yolembera imene akatswiri ambiri amaikonda, yotchedwa vi, imene Bill Joy analemba mu 1976 ali ku Berkeley. Mmenemo ukafuna kupita kumanzere umadina H, pansi J, pamwamba K, kumanja L. Chifukwa chake n'chakuti makina amene Joy ankagwiritsa ntchito, ADM-3A, analibe mabatani apadera a timivi, timiviti tinajambulidwa pa zilembo zinayi zimenezo. Makinawo anatha kalekale, koma anthu padziko lonse akuzungulirabe bulugamu ameneyo, ndipo sadandaula, poti zilembozo zili pansi penipeni pa zala za dzanja lamanja. Mnzake wa vi wa zaka zomwezo, Emacs, anasankha njira ya zilembo zoyamba: Ctrl ndi F kutsogolo, B kumbuyo, N mzere wotsatira, P mzere wam'mbuyo. N'zosavuta kuzikumbukira tsiku loyamba ngati umadziwa Chingerezi, koma zamwazikana pa kiyibodi ngati nkhuku zoona kabawi. WordStar, imene makalaliki akale ena amaikumbukira, inaika E, S, D ndi X, pamwamba, kumanzere, kumanja ndi pansi, mmene zilembozo zakhalira pa kiyibodi pomwepo, ndipo wolemba mabuku George R. R. Martin ananena poyera mu 2014 kuti ankalembabe ndi pulogalamu imeneyi pa kompyuta yakale.

Ndikaziika pamodzi zonsezi, ndimaona kuti dzina la batani limagwira ntchito sabata yoyamba yokha. Ndi ndodo ya mlendo. Pambuyo pake mutu umatula katunduyo m'zala, ndipo zala sizidziwa Save kapena sunga. Zimadziwa malo, mtunda, ndi kuti dzulo zinapeza chiyani pamenepo. N'chifukwa chake wopanga pulogalamu akasuntha batani limodzi poti wapeza dzina lomveka bwino, amakondweretsa wophunzira wa mawa n'kulanga onse amene anaphunzira kale, ndipo amalanga kwambiri amene anaphunzira bwino koposa. IBM inakhazikitsa malamulo ake mu 1987, oti kukopera kukhale Ctrl ndi Insert, kumata Shift ndi Insert. Njira ya Tesler inapambana, koma yesani lero pa Windows, mupeza kuti ya IBM ija ikugwirabe ntchito m'mapulogalamu ambiri. Wina anaganiza bwino kuti kanjira kakale kasatsekedwe ndi minga. Madala akanapeza chifundo chotero pa F1 wawo, mwina akanakhala nafe zaka zina zingapo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimadandaula nacho mpaka lero, ndipo ndi nkhani ya malo yomweyo. Wosunga sitolo ya esiteti aliyense amadziwa kuti feteleza woyera saikidwa pafupi ndi mchere wa kukhitchini ya antchito. Koma pa kiyibodi S wosunga uja wazunguliridwa ndi A wosankha zonse, W wotseka ndi X wodula. Chala chikaterereka pang'ono pothamangira magetsi, wachita china. Chimene chimatipulumutsa ndi Z, amene ali pomwepo pakona, ndipo ndikaganiza kuti batani limeneli ndi limene ine ndinalichotsa pamalo pake, thukuta limandituluka ngakhale kuli chiperoni.

Pa zonse zimene ndinakonza Loweruka lija ndinasiyapo chimodzi chokha. Chilembo cha ŵ, chija chovala chipewa chimene ena timalemba m'dzina la dziko lathu, chilibe batani. Mu Word muli njira yovekera chipewa a, e, i, o ndi u, pogwira Ctrl ndi Shift ndi kachizindikiro ka chipewako, koma w sanawerengedwe. Ukamufuna uyenera kulemba 0175 n'kudina Alt ndi X, nambala imene palibe angaisunge m'mutu ali pa changu. Anthu a ku Wales, amene nawonso amalemba chilembo chimenechi, anachipezera malo pa kiyibodi ya United Kingdom Extended. Ine ndinachiika pa Ctrl, Alt ndi W. Sindinalande malo a lamulo limene wina aliyense mu ofesi ankalidziwa, chili pa chilembo chake chomwe, ndipo amene sachifuna sadzakumana nacho. Mtsikana uja asanabwerere ku Blantyre anachilemba m'kope lake.

Achinyamata amene akubwera masiku ano anakulira pa foni. Kukopera kwawo ndi kukanikiza chala pagalasi mpaka timawu titulukire pamwamba, ndipo ena amandiona ngati wamatsenga ndikasuntha ndime yonse osagwira mausi. M'minda namonso mwayamba kulowa masizasi ndi makina othyolera, amene sasankha masamba awiri ndi kansonga. Sindinena zambiri pamenepo, poti mkangano wake ndi wa malipiro ndi ntchito za anthu, si wa kalaliki wokalamba ndi mabatani ake.

Mayi anasiya ntchito kalekale, maso anachita ng'ala, amakhala pakhonde kwa mlongo wanga. Mwezi wathawu ndinapitako kukalemba mayina a opereka chipepeso pa maliro a malume. Magetsi kunalibe, laputopu inali itatha moto, ndiye ndinatenga kope ndi bolopeni n'kukhala pamphasa pafupi nawo, dzanja lamanzere nditatsamiza pa bondo lawo. Ndinalemba 5,000 pamene panayenera kukhala 500.

"Ukundigwiragwira chiyani pabondopa?" anafunsa.

Ndinayang'ana pansi. Kachala kakang'ono kanali katakanikiza bondo lawo, chinzake chikugogoda pambali pake, kawiri, katatu.

"Ndalakwitsa nambala, amayi. Ndimafuna kubweza."

"Pabondo langa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu a azimayi ophika, n'kuyamba kufunsa ngati ndiwo zakwanira anthu a ku Luchenza. Manja awo anali pa mphonje za bulangeti limene anafunda m'miyendo, chala chachikulu ndi chamkombaphala zikuyenda m'mphepete mwake, kutsina, kusiya, kutsina, dzanja likadzaza mphepo n'kuponyera kumsana.